Khansa ya Prostate, Nthenda Imene Amuna Achikulire Saitchula



Pa msonkhano uliwonse waukulu wa akulu a mpingo pamachitika chinthu chimodzi chimene alembi salemba m'buku la zokambirana, ngakhale kuti aliyense amachiona. Nkhani zikafika pakati, mkulu wina wa imvi amanyamuka mwakachetechete natuluka panja, ndipo asanabwerere winanso wanyamuka. Usiku ku malo ogona chitseko sichipuma: wina amadzuka katatu, wina kasanu, ndipo kukacha onse amadandaula za udzudzu ndi kuuma kwa mphasa, koma chimene chawadzutsa palibe amene amachitchula. Ambiri mwa amuna amenewa sali pa ngozi yaikulu. Koma pakati pao pali ena owerengeka amene m'thupi mwao mwayamba nthenda yoti ingachizike itadziwika msanga, ndipo diso la munthu silingathe kuwasiyanitsa ndi anzao.

Nthenda yake ndi khansa ya kachiwalo kotchedwa prostate. Makolo adasiya maina a chiwindi, ndulu, kapamba, impso ndi chikhodzodzo, pakuti zonsezi ankaziona potumbula mbuzi. Koma kachiwalo aka nkobisika, ndipo mpaka lero anthu ambiri amangokatchula ndi dzina lake lachilendo, ena nkumakasokoneza ndi chikhodzodzo chenichenicho. Ali nako ndi amuna okha. Kamakhala kunsi kwa chikhodzodzo, kutsogolo kwa thumbo lotulukira chimbudzi, ndipo mwa mnyamata kukula kwake nkofanana ndi suku limodzi, kulemera kwake magalamu ngati 20. Ntchito yake nkupanga gawo la madzi a umuna, amene mbeu ya mwamuna imayendamo. Njira ya mkodzo, pochoka m'chikhodzodzo, imadutsa pakati penipeni pa kachiwaloka, monga ulusi udutsira m'kati mwa mkanda. Chotero kachiwaloka kakakula kamafinya njirayo, ndipo madzi amene kale ankatuluka mosavuta amayamba kutuluka mokakamiza.

Kukula kumeneku kumadza ndi ukalamba, monga imvi ndi dazi. Mwa amuna a zaka za m'ma 50, pafupifupi theka amakhala prostate itayamba kale kukula, ndipo pofika zaka 80 osakhudzidwa amatsala owerengeka. Mwamuna amaima nthawi asanayambe kukodza, mkodzo umatuluka mofooka ndi modukiza, akamaliza amamva ngati wina watsalira, ndipo usiku tulo timadukaduka. Kukula kotere si khansa, ndiponso sikusanduka khansa. Kuli ndi mankhwala ake: mapiritsi ena amafewetsa minofu ya pa khomo la chikhodzodzo, ena amachepetsa kachiwaloko pang'onopang'ono, ndipo zikakanika madokotala amapala mnofu wotsekawo podzera m'njira ya mkodzo momwemo, osang'amba pamimba.

Moyo wa a Nelson Mandela uonetsa bwino kusiyana kwa nthenda ziwirizi. M'chaka cha 1985, akali mkaidi, adagonekedwa m'chipatala ku Cape Town nachitidwa opareshoni chifukwa cha kukula kwa prostate. Ndipo m'chipatala momwemo ndimo nduna ya za chilungamo, a Kobie Coetsee, idakawazonda, ulendo umene udatsegula njira ya zokambirana zam'seri pakati pa iwo ndi boma la tsankho. Imeneyo siidali khansa. Khansa idapezeka patapita zaka 16, mu 2001, iwo ali ndi zaka 83. Adalandira chithandizo chootcha ndi cheza kwa milungu 7, nakhala ndi moyo kufikira 2013, pamene adamwalira ndi nthenda ya m'mapapo ali ndi zaka 95.

Khansa ili ndi khalidwe lakelake. Kukula kwa ukalamba kumayambira pakati, pafupi ndi njira ya mkodzo, nchifukwa chake kumadziulula msanga. Koma khansa, mwa odwala ngati 7 pa 10 alionse, imayambira m'mphepete chakumbuyo, kutali ndi njirayo, ndipo ingathe kukhala zaka zambiri osafinya kanthu, osapweteka, osaonetsa chizindikiro ngakhale chimodzi. Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko; koma pa nthenda iyi mwambiwu uperewera, pakuti pa nthawi imene ili yochizika mwini wake samva kanthu. Ikayamba kumveka, kawirikawiri imakhala itayenda kale. Pamenepo pamaoneka magazi mu mkodzo kapena mu umuna, mkodzo umatsekeka, munthu amaonda, amafooka, magazi amamuchepera. Koposa zonse nthendayi imakonda mafupa: msana, chiuno, nthiti ndi ntchafu. Bambo wa kumudzi akamva msana amanena kuti ndi khasu, ndipo nthawi zambiri amanena zoona. Kusiyana kwake nkwakuti kupweteka kwa khasu kumaleka munthu akagona ndi kupumula, pamene kupweteka kwa khansa kumapitirira usiku wonse, nkumakulirakulira mwezi ndi mwezi.

Mu 1853 dokotala wa ku London, John Adams, atapeza nthendayi m'thupi la munthu wina, adailemba ngati nthenda yosowa kwambiri. Zinthu zidasintha. Bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization lidawerengera kuti mu 2022 amuna pafupifupi 1.5 miliyoni adapezeka nayo pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 400,000 adafa nayo. M'maiko ambiri a mu Africa a kumwera kwa Sahara imeneyi ndiyo khansa yofala koposa mwa amuna. Mu 2024 akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya za chipatala ya The Lancet adaneneratu kuti pofika 2040 opezeka nayo pa chaka adzafika 2.9 miliyoni, makamaka chifukwa amuna akukhala ndi moyo zaka zambiri kuposa makolo ao.

Zinthu zitatu ndizo zimakulitsa ngozi, ndipo zonse munthu sasankha. Choyamba ndi zaka: nthendayi imasowa mwa amuna osafika zaka 40, koma imachuluka msanga kupyola zaka 50. Chachiwiri ndi mtundu. Ku Britain mwamuna mmodzi pa 8 alionse amapezeka nayo pa moyo wake, koma mwa amuna akuda ndi mmodzi pa 4 alionse. Ku America amuna akuda amafa nayo kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu, ndipo imawayamba akali ocheperapo zaka. Chachitatu ndi magazi a banja. Mwamuna amene bambo wake kapena mbale wake wa bere limodzi adadwalapo, ngozi yake imawirikiza kawiri kapena kupitirira apo; ndipo chilema china cha m'chibadwa, chotchedwa BRCA2, chimene chimadzetsa khansa ya m'mawere mwa amai ndi alongo, chimadzetsanso khansa ya prostate yaukali mwa ana aamuna a banja lomwelo. Apa mwambo wa pa maliro umachita chinthu chimene anthu sachiganizira. Wopereka mbiri ya womwalira amangoti adadwala nthawi yaitali, anthu nkugwedeza mitu, ndipo ana aamuna amabalalika kubwerera ku ntchito zao osadziwa dzina la nthenda imene yatenga bambo ao. Kunena dzinalo pagulu sikofunika. Koma kuwabisira ana ake enieni ndiko kuwamana chinthu chimene dokotala adzawafunsa tsiku lina.

Manyazi a nthendayi ali ndi mizu yake, ndipo si bwino kuwaseka. Amuna achikulire amakumbukira kuti chinzonono chosachizidwa bwino chimasiya chipsera chimene chimachepetsa njira ya mkodzo; chotero mkulu wa mpingo akayamba kuvutika pokodza amaopa kuti anthu adzamuyesa wachigololo, mkazi wake adzamukaikira, ndipo nkhani idzafika ku bwalo la mpingo. Mantha amenewa ngopanda maziko. Khansa ya prostate si nthenda yopatsirana. Mwamuna saitenga kwa mkazi, ndipo mkazi sangaitenge kwa mwamuna wake. Imagwira wokhulupirika m'banja ndi wosakhulupirika chimodzimodzi, imagwiranso ansembe osakwatira. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo pali chisokonezo china. Iwo adakula akuona anyamata akukodza magazi chifukwa cha likodzo, kotero kuti magazi mu mkodzo sawadzidzimutsa. Koma magazi mwa bambo wa zaka 60 ndi nkhani ina: angachokere ku prostate, kapena ku khansa ya chikhodzodzo, imene ili nthenda yosiyana ndi iyi ndipo likodzo la zaka zambiri limaiyambitsa. Ena amati munthu walodzedwa kapena waponda mankhwala, ndipo miyezi imatha, mbuzi zimatha, banja likuyendayenda kwa asing'anga. Palibe mzu, khungwa kapena chakudya chimene chidatsimikizidwa kuti chimachiza khansa imeneyi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo amuna ambiri a kuno amafika ku chipatala atanyamulidwa, nthenda ili kale m'mafupa.

Kuyeza kumayamba ndi njira ziwiri zosavuta. Yoyamba ndiyo imene amuna amaithawa: dokotala amavala chovala cha m'manja, napaka mafuta, nalowetsa chala ku njira ya chimbudzi kuti akhudze kumbuyo kwa prostate. Popeza khansa imakonda kuyambira kumbuyo komweko, chala chozolowera chimatha kumva pamene pauma kapena pali kachotupa. Ntchito yonse siitha mphindi imodzi. Amai akhala akupirira zoyeza zoposa izi pa mimba iliyonse, osaitanitsa msonkhano. Komabe chala chili ndi malire ake, pakuti khansa yaing'ono kapena yakutsogolo sichingaimve.

Njira yachiwiri ndi ya magazi. Prostate imapanga chinthu chotchedwa PSA, chimene ntchito yake nkusungunula umuna, ndipo pang'ono pokha chimalowa m'magazi. Akatswiri a ku Roswell Park, mu mzinda wa Buffalo ku America, adachipatula mu 1979. Boma la America lidavomereza kuyeza kwake mu 1986 kuti kuthandize kulondola odwala, ndipo mu 1994 kuti kuthandize kupeza nthendayo. Kachiwaloka kakasokonezeka, PSA yambiri imadonthera m'magazi. Madokotala ambiri amayamba kukaikira chiwerengero chikapitirira 3 kapena 4, poganiziranso zaka za munthu. Chikafika mazana, kawirikawiri nthenda imakhala itafalikira. Tsono PSA imanena kuti prostate yasokonezeka, koma siinena chimene chaisokoneza. Imakwera ndi kukula kwa ukalamba, imakwera ndi tizirombo ta m'njira ya mkodzo, imakwera munthu akaikidwa kapaipi kokodzera, ndiponso ingakwere pang'ono mwamuna akakhala ndi mkazi wake m'masiku awiri asanayezedwe. Mwa amuna 4 alionse amene PSA yao yakwerapo, pafupifupi 3 sapezeka ndi khansa. Mbali inayi, kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2004 adapeza khansa mwa amuna 15 pa 100 alionse amene PSA yao idali yosapitirira 4, ngakhale kuti yambiri idali yofatsa. Chifukwa chake chiwerengero chokwera sichiyenera kugwetsa banja m'maliro, ndipo nthawi zambiri dokotala amayamba wabwereza kuyezako patapita milungu ingapo.

Chimene chimadula mlandu ndi kutenga tinyama. Ndi singano yopyapyala, atachititsa dzanzi pamalopo, dokotala amatenga tizidutswa 10 kapena 12 ta prostate, tokaunikidwa ndi makina okulitsa zinthu zazing'ono. Kumene kuli makina a MRI, amayamba ajambula kuti aone pofunika kubaya, ndipo ena amapulumuka kubayidwako. Pali mphekesera yakuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa. Chimene chimachitika nchakuti ambiri amabayidwa nthenda itapita kale patali, ndipo akamwalira anthu amaloza singano. Wounika tinyamato amanena ngati khansa ilipo, nanenanso ukali wake, potsata muyeso umene Donald Gleason, dokotala wa ku Minneapolis, adaukonza mu 1966. Masiku ano manambala ake amayambira pa 6 kulekeza pa 10. Khansa ya 6 njofatsa, ndipo siikonda kutuluka m'malo mwake. Ya 7 ili pakatikati. Ya 8, 9 ndi 10 njaukali, yofunika kuithamangira. Wodwala aliyense ayenera kufunsa nambala imeneyi ndi kuisunga pamodzi ndi chiwerengero cha PSA, pakuti mau akuti khansa paokha sanena zambiri: amuna awiri angakhale ndi dzina limodzi la nthenda, wina nkudzafa ndi ukalamba, wina nkutsala ndi zaka zochepa.

Madokotala a ku Ulaya ndi ku America akhala akutsutsana zaka zambiri ngati nkoyenera kuyeza mwamuna aliyense, ndipo mkanganowo si wachabe. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya, wa amuna oposa 160,000, adaonetsa mu 2009 kuti kuyeza PSA kawirikawiri kumachepetsa imfa za nthendayi ndi gawo limodzi mwa magawo 5. Koma adaonetsanso kuti kuyeza kotere kumavumbula khansa zambiri zofatsa zimene sizikanavuta mwini wake mpaka kufa, ndipo amuna ena amachitidwa opareshoni ndi kulemala nayo popanda phindu. Poyeza mitembo ya nkhalamba zofa ndi nthenda zina, madokotala amapeza khansa yogona mu prostate ya ambiri. Mkangano umenewu ngwa maiko amene amapeza nthendayi msanga kopitirira muyeso. Kuutengera kuno osausefa nkulakwa, pakuti vuto la chigawo chino ndi losiyana: amuna ake ali pa ngozi yokulirapo, ndipo amafika mochedwa. Ku America, mwa amuna amene khansa yao yapezeka isanatuluke mu prostate, pafupifupi onse amapyola zaka 5 osafa nayo; mwa amene yafika kale m'mafupa, opyola zaka 5 ndi mmodzi yekha pa atatu, kapena kuposerapo pang'ono. Mabungwe a za khansa a ku America ndi ku Britain amalangiza mwamuna wakuda kuti akambirane ndi dokotala za kuyezetsa ali ndi zaka 45, ndipo malangizo a ku South Africa amatsitsa zakazo kufika pa 40. Koma kwa nkhalamba ya zaka 80 yosamva chilichonse, kusakasaka khansa kungadzetse mavuto oposa phindu.

Khansa ikapezeka isanatuluke, pali njira zitatu, ndipo yoyamba imadabwitsa anthu: kuisiya, nkumaiyang'anira. Mwamuna wa khansa yofatsa amayezedwa PSA pa miyezi ingapo iliyonse, amajambulidwa kapena kutengedwanso tinyama nthawi ndi nthawi, ndipo chithandizo chimayamba pokhapokha nthenda ikaonetsa kuti yadzuka. Ku Britain amuna 1,643 adagawidwa m'magulu atatu, ena oyang'aniridwa, ena ochitidwa opareshoni, ena ootchedwa ndi cheza. Zotsatira zofalitsidwa mu 2023 zidaonetsa kuti patapita zaka 15, ofa ndi khansayi adali ngati 3 pa 100 alionse m'gulu lililonse, ngakhale kuti mwa oyang'aniridwa nthenda idafalikira mwa ochulukirapo, 9 pa 100, poyerekeza ndi 5 pa 100 m'magulu enawo. Njira imeneyi imafuna munthu wosaphonya tsiku, ndi chipatala chimene makina ake oyezera magazi saima. Kumene zimenezi palibe, kuyang'anira kumasanduka kuiwala.

Njira yachiwiri ndi kuchotsa prostate yonse. Hugh Hampton Young adayamba opareshoni imeneyi mu 1904 ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, ndipo mu 1982 Patrick Walsh, wa ku chipatala chomwecho, adapeza njira yosungira mitsempha ya mphamvu ya umuna imene imadutsa m'mbali mwa kachiwaloka. Yachitatu ndi kuotcha ndi cheza champhamvu chochokera m'makina. Dzina lake limaopsa, koma moto palibe, ndipo wodwala samva kupweteka ali pa makinawo. Milungu 7 imene a Mandela adayenda tsopano idafupikitsidwa m'zipatala zambiri kukhala maulendo 20 m'milungu 4. Walira mvula walira matope: njira zonse ziwirizi zimachiza, koma zili ndi mtengo wake. Pambuyo pa opareshoni amuna ambiri amadontha mkodzo kwa milungu kapena miyezi, owerengeka mpaka kalekale. Mphamvu ya kuchipinda imachepa kapena kutha mwa ambiri, ndipo kubereka kumalekeka. Cheza chimavutitsa chikhodzodzo ndi thumbo, ndipo nachonso chimafooketsa mphamvuyo pang'onopang'ono. Dokotala wabwino amanena zimenezi poyambirira, ndipo wodwala wanzeru amapita ndi mkazi wake kukazimva. Za malo ochizira, Zambia idatsegula Cancer Diseases Hospital ku Lusaka mu 2007. Ku Zimbabwe chithandizo cha cheza chidakhazikitsidwa pa Parirenyatwa ku Harare ndi pa Mpilo ku Bulawayo. Malawi idakhala zaka zambiri ikutumiza odwala ake kunja, kufikira makina oyamba atayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 2024. Kwa munthu wa kumudzi, mwezi wathunthu mu mzinda wachilendo ndi ndalama za ulendo, malo ogona ndi chakudya, ndipo ambiri amalekera panjira chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa cha mankhwala. Mpingo wa m'tauni umene ungalandire mlendo wotere m'nyumba ya mkhristu mnzake wachita gawo lenileni la chithandizocho.

Nthenda ikafika m'mafupa siichizikanso, koma imamangika, ndipo mbiri ya mmene izi zidadziwikira njoyenera kuimva. Alimi adadziwa kuyambira kale kuti ng'ombe yamphongo ikafulidwa imasintha thupi ndi khalidwe. Mu 1786 John Hunter, dokotala wa ku Scotland wogwira ntchito ku London, adalemba kuti mwa nyama yofulidwa prostate imafota. Patapita zaka zoposa 150, Charles Huggins wa ku yunivesite ya Chicago, poyesa pa agalu, adaona kuti kachiwaloka kamadalira mphamvu yachimuna yotchedwa testosterone, imene imapangidwa m'mavalo. Mu 1941 iye ndi Clarence Hodges adaonetsa kuti khansa ya prostate nayonso imadya chakudya chomwecho, ndipo ikachimanidwa imafota. Amuna amene adali chigonere ndi ululu wa m'mafupa adapeza mpumulo m'masiku ochepa, ena nkudzuka kuyenda. Aka kadali koyamba kuti khansa yofalikira igonjere mankhwala otere, ndipo Huggins adalandira mphoto ya Nobel mu 1966.

Kufikira lero chithandizo chimenechi ndicho mzati wa nthenda yofalikira. Chimachitika m'njira ziwiri: jekeseni, monga wa goserelin, wobayidwa mwezi uliwonse kapena pa miyezi itatu iliyonse, kapena opareshoni yaing'ono yochotsa mavalo. Amuna ambiri akamva yachiwiriyi amanyamuka kubwerera kwao, pakuti dzina lakuti mfule nlolemera. Koma zoona zake nzakuti njira ziwirizi zimachita chinthu chimodzi m'thupi: zonse zimathetsa chilakolako, zimadzetsa kutentha kwa thupi kodzidzimutsa ndi thukuta, kunenepa, kutopa, ndi kufooka kwa mafupa. Mau a munthu sasanduka achikazi, ndipo nzeru zake za pabwalo sizichoka. Jekeseni ngwodula, ndipo akaphonyedwa nthenda imadzukanso. Opareshoni imachitika kamodzi, m'nthawi yochepa, ngakhale pa chipatala cha boma cha pa boma. Kwa bambo wokhala kutali, amene sangalonjeze kupeza jekeseni chaka ndi chaka, opareshoni kawirikawiri ndiyo njira yodalirika, ndipo wolangiza woona mtima ayenera kumuuza chotero. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu, kwa ena zambiri kuposa apo, khansa imaphunzira kukula popanda chakudya chake chija. Pofuna kutalikitsa nthawiyo madokotala amaonjeza mankhwala ena, monga docetaxel, amene phindu lake lidatsimikizidwa mu 2004, ndi mapiritsi a abiraterone, amene adavomerezedwa mu 2011 nalowa m'ndandanda wa mankhwala ofunika wa World Health Organization mu 2019.

Chimene chimasweka mwakachetechete m'nyengo imeneyi ndi banja. Mwamuna wotaya mphamvu amasanduka waukali kapena wosalankhula, amasamukira pa mphasa ina osanena chifukwa, ndipo mkazi amayesa kuti pali mkazi wina. Ankhoswe ndi alangizi amafika ndi malangizo a ukwati wa achinyamata, osadziwa kuti muzu wake ndi mankhwala. Mbusa kapena mkulu amene wauzidwa chinsinsi chotere asachitengere pa guwa ngati chopempherera popanda chilolezo cha mwini wake. Akatero kamodzi, amuna ena onse a mu mpingomo adzatseka pakamwa.

Nthendayi siiona mpando. Mobutu Sese Seko adachitidwa opareshoni ku Lausanne mu 1996, ndipo ali wodwala chomwecho ufumu wake udagwa. Adamwalira ku Rabat mu September 1997. A Joshua Nkomo adamwalira nayo ku Harare pa 1 July 1999, ali ndi zaka 82. Woimba lipenga Hugh Masekela adalimbana nayo kuyambira 2008, ndipo miyezi ingapo asanamwalire mu January 2018 adapempha amuna poyera kuti azikayezetsa. Koma amene adathandiza kwambiri kuchotsa manyazi m'chigawo chino ndi Arkibishopu Desmond Tutu. Adapezeka nayo mu 1997, ali pakati pa ntchito yolemetsa yotsogolera Truth and Reconciliation Commission. Sadabise, adalandira chithandizo ku South Africa ndi ku America, nthenda idabwerera kangapo, ndipo nthawi zonse anthu ankauzidwa. Munthu wa pemphero ameneyu sadaone kutsutsana pakati pa kugwada ndi kugona pa tebulo la dokotala. Adamwalira pa 26 December 2021 ali ndi zaka 90, patapita zaka 24 chipezekereni nthendayo.

Pali zinthu ziwiri zimene sizidikira kuti kuche. Mkodzo ukatsekekeratu, mimba ya m'munsi nkutupa ndi kupweteka, munthu apite naye ku chipatala nthawi yomweyo kuti akaikidwe kapaipi, pakuti mkodzo wobwerera m'mbuyo umaononga impso. Chachiwiri nchoopsa koposa. Khansa ya m'fupa la msana ingathe kufinya mtsempha waukulu wodutsa m'katimo. Zizindikiro zake ndi msana wopweteka ngati lamba womanga m'chiuno kapena pachifuwa, miyendo yolemera kapena yadzanzi, kupunthwapunthwa, ndi kulephera kusunga mkodzo kapena chimbudzi. Wodwala akafika tsiku lomwelo, mankhwala ochotsa kutupa otchedwa dexamethasone pamodzi ndi cheza kapena opareshoni angapulumutse miyendo yake; akafika patapita sabata atagona osayenda, kawirikawiri sadzayendanso.

Kwa amene nthenda yawapitirira, ululu uli ndi mankhwala. Island Hospice, yoyamba ya mtundu wake mu Africa, idakhazikitsidwa ku Harare mu 1979. Dokotala Anne Merriman, amene adayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, adafalitsa morphine wamadzi wotsika mtengo, amene wodwala amamwa ali kwao. Ku Malawi ntchito yotere imachitika m'malo monga Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima. Mabanja ena amakana morphine poganiza kuti ndi wofulumizitsa imfa. Akaperekedwa pa muyeso wake sapha. Amamwedwa pa maola 4 alionse, osadikira kuti ululu uyambe wabwerera, ndipo popeza amaumitsa m'mimba, amayendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Fupa limodzi likamapweteka kwambiri, kuliotcha ndi cheza kamodzi kokha kumachepetsa ululu mwa odwala ambiri. Wogona chigonere atembenuzidwe pa maola awiri kapena atatu alionse kuti asatuluke zilonda, amwe madzi okwanira, ndipo kapaipi kake kasinthidwe pa tsiku limene chipatala chalemba. Kunyamula ndi kusambitsa bambo wamkulu ndi ntchito yoposa mphamvu za mai wokalamba ali yekha, ndipo odwala ambiri amamasuka kwambiri akasambitsidwa ndi mwamuna mnzao wa msinkhu wao.